Mmene mungaonere infrared ya dzuwa muli pansi pano

Mukamwaza kuwala kwa dzuwa kuti kupange utawaleza, maso amatsatira mitundu kuyambira wapepo, wabuluu, wobiriwira, wachikasu mpaka wofiira, kenako n'kuona mdima. Mumdimamo kuwala kumapitirirabe. Pafupifupi theka la mphamvu zimene dzuwa limatumiza kuno limabwera m'chigawo chimenecho, chotchedwa infrared, ndipo munthu wakhama akhoza kuchijambula ndi katoni, malezala awiri, kapulasitiki kamizeremizere ndi kamera yaing'ono.

Kuwala kumayenda m'mafunde, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kutalika kwa funde lake. Kutalikako amakuyeza m'mananomita, mwachidule nm. Mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000,000, chigawo chimodzi ndiye nanomita. Diso limaona kuyambira pa 400 nm mpaka cha m'ma 700 nm. Ife tikufuna zimene zili kuseri kwa 700, makamaka mpaka 1,000, pomwe kamera yotsika mtengo imathabe kuona.

Dziwiranitu chinthu chimodzi musanagwire lumo. Zambiri zimene mudzaone pachithunzi chanu ndi za mpweya umene uli pamutu panu. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 150 miliyoni popanda chokusokoneza, koma pa makilomita ochepa omaliza nthunzi ya madzi, okosijeni ndi carbon dioxide zimameza zigawo zina n'kusiya mipata yakuda. Timizere takuda topangidwa padzuwa lenilenilo tilipo ndithu, koma n'tating'ono, tobisala pakati pa mipata ikuluikuluyo. Ntchito yagona pa kusiyanitsa ziwirizi.

Yambani ndi maso anu

Pa ntchito yonseyi palibe pamene mufunika kuyang'ana dzuwa. Musaliyang'ane ndi maso, kapena kudzera m'kagalasi kosuzumirapo ka kamera, kapena mu telesikopu. Choopsa kwambiri ndi fyuluta ya infrared imene tidzagwiritse ntchito kutsogoloku. Imaoneka yakuda bii, ndiye munthu amakopeka kuiika padiso n'kuyang'ana kumwamba. Fyulutayo ikatchinga kuwala kooneka, mwana wa diso amakula ngati kwada, ndipo simutsinzina chifukwa palibe chokuthobwani, pamene infrared yonse ikudutsa n'kukawotcha mkati mwa diso. Kumeneko kulibe minyewa yomva ululu, choncho munthu amazindikira zinthu zitaipa kale. Ngati pali ana pafupi, imateni fyulutayo pakatoni kuti isamachoke.

Tsimikizani kaye kuti kuseri kwa kufiira kuli kanthu

Woyamba kupeza infrared anali William Herschel ku England mu 1800, ndipo anagwiritsa ntchito prism, galasi la makona atatu lomwaza kuwala, ndi zoyezera kutentha zitatu. Ndi bwino kubwereza zimene iye anachita musanayambe za kamera, chifukwa zimangotenga masana amodzi.

Pezani prism yagalasi, osati yapulasitiki. Dulani kampata m'mphepete mwa katoni yotsegula pamwamba, kumbali yoyang'ana dzuwa, ndipo lowetsani prism pamenepo. Yalani pepala loyera pansi pa katoniyo. Tembenuzani prism pang'onopang'ono mpaka utawaleza utagwera papepala, pamalo amthunzi, uli wotambalala kwambiri. Pakani penti yakuda yosanyezimira kunsonga kwa zoyezera zonse zitatu, mofanana, kuti zizimwa kutentha bwino. Musazidetse pozisendeza palawi la kandulo, zingaphulike. Ziikeni kaye zonse pamthunzi n'kulemba zimene zikusonyeza. Kenako ikani chimodzi pabuluu, china pachikasu, chachitatu kuseri pang'ono kwa pofiira, pomwe pepala likuoneka kuti lilibe kuwala. Dikirani mphindi 5. Dzuwa limasuntha digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse, ndiye utawalezawo uzikwawa papepala. Muzikankha katoni pang'ono kuti mitundu isachoke pansonga za zoyezerazo.

Kusiyana kumakhala kwa madigiri owerengeka chabe, koma choyezera chimene chili pamdima n'chimene chimakwera kwambiri. Apa ambiri amafulumira kunena kuti dzuwa limawala kwambiri mu infrared kuposa pena paliponse, zomwe si zoona. Pamwamba pa dzuwa pamatentha madigiri Celsius pafupifupi 5,500, ndipo tikamayeza mphamvu pa nanomita iliyonse, pachimake pamakhala cha m'ma 500 nm, pakati penipeni pa kuwala kooneka. Chimene chimachitika n'chakuti galasi limatambasula kwambiri mbali yabuluu n'kupanikiza mbali yofiira ndi ya infrared pamalo ochepa, ndiye choyezera cha kumeneko chimalandira mafunde ambiri nthawi imodzi.

Mu 1840 mwana wake, John Herschel, anadetsa pepala ndi mwaye, n'kulinyowetsa ndi alcohol, n'kuliika pa utawaleza womwewo. Kuseri kwa kufiira pepalalo linauma m'zigambazigamba, malo ena n'kutsala onyowa. Malo onyowawo ndiwo mipata imene tikupita kukaijambula.

Kamera yoona infrared

Sensa, kachigawo kolandira kuwala m'kamera wamba ya masiku ano, ndi ya silicon, ndipo silicon imaona mpaka cha m'ma 1,100 nm. Opanga makamera amaika kagalasi kotchinga infrared patsogolo pa sensa kuti zithunzi zizioneka mmene diso limaonera. Inu mufunika kamera yopanda kagalasi kameneka.

Njira yosavuta ndi kugula kamera imene inapangidwa yopanda kagalasiko, monga ya Raspberry Pi yotchedwa NoIR, kapena kamera yojambula zakuda ndi zoyera yokha imene okonda nyenyezi amaika pa telesikopu. Yachiwiriyi ndiyo yabwino koposa. Njira ina ndi kumasula kamera yakale yapakompyuta, ija yolumikiza ndi USB. Potokosani lenzi mpaka ichoke, ndipo kumbuyo kwake, kapena pamwamba penipeni pa sensa, mupeza kagalasi ka makona anayi konyezimira mofiirira kapena mobiriwirira mukakapendeketsa. Kanyamuleni ndi nsonga ya kampeni, sensa itayang'ana pansi kuti tizidutswa tisagwerepo. Makamera ena alibe kagalasi kapadera, mankhwala otchingawo anawapaka palenzi pomwepo. Ikakhala yotero isiyeni, pezani ina. Kamera ya foni sindikulimbikitsani: kagalasi kake n'kovuta kuchotsa, ndiponso foni imakonza chithunzi yokha musanachione, zomwe zimawononga muyeso.

Kuti mudziwe ngati zatheka, lozetsani rimoti ya TV kukamera n'kudina batani. Marimoti ambiri amatulutsa kuwala kwa 940 nm. Kamera yokhala ndi kagalasi imangoonetsa kadontho kofooka kapena osaonetsa kanthu, pamene yochotsedwa kagalasi imaonetsa kuwala kwamphamvu, kotuwira kupepo.

Kumanga bokosi

Chomwazira kuwala chikhale grating, kapulasitiki koonekera kokhala ndi timizere tambirimbiri tofanana. Sankhani ya mizere 500 pa milimita. Ngati palibe, CD yojambulirapo imagwira ntchito: duleni kachidutswa chakunja kwenikweni, matani selotepi kumbali yolembedwa n'kukoka kuti chonyezimiracho chichoke, mutsale ndi pulasitiki yoonekera. Ili ndi mizere 625 pa milimita. DVD ndi yabwino pa kuwala kooneka koma pano ikugwetsani ulesi. Mizere yake inatalikirana ndi 740 nm zokha, ndiye funde lotalika kuposa pamenepo likafika molunjika silipeza ngodya yotulukira.

Katoni ikhale yolimba, yotalika masentimita 30 kapena kuposa. Kumapeto kumodzi bowolani kazenera kakang'ono, ndipo pakazenerapo ikani malezala awiri atsopano, mbali zakuthwa zitayang'anizana. Matani loyamba. Ikani kapepala wamba kolembapo pakati, kankhani lachiwiri mpaka likhudze pepalalo, matani, kenako solorani pepala. Mpata wotsalawo ndi wa 0.1 mm, pafupifupi. Unyamuleni muuyang'anitse kubabu la m'nyumba: kuwala kuyenera kuoneka kofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi, osati kotambalala mbali imodzi. Mpata umenewu ndiwo umalamula kuti timizere tioneke takuthwa kapena tosamveka, choncho ngati wapindika, bwerezani.

Matani grating patsogolo penipeni pa lenzi, mizere yake itaima mofanana ndi mpata wa malezala. Kuchokera pampata kufika pa grating pakhale masentimita 25. Pa mtunda umenewu mpata wa 0.1 mm umakulolani kusiyanitsa zinthu zotalikirana ndi nanomita imodzi, ngati kamera yanu ili ndi mapikiselo okwanira.

Kamera isayang'ane mpata molunjika, ipendekere kumbali. Ngodya yake mumaipeza pogawa kutalika kwa funde ndi mtunda wa pakati pa mizere, womwe pa grating ya 500 ndi 2,000 nm, n'kufufuza pa calculator ngodya imene sine (sin) yake ndi yankholo. Funde la 656 nm limatulukira pa madigiri 19, la 760 pa 22, la 940 pa 28. Choncho grating ikhale yoyang'ana mpata molunjika, koma kamera ipendekere madigiri 25, ndipo chigawo chonse chimene tikufuna chidzakhala pakati pa chithunzi.

Mkati mwa katoni muyenera kuda, ndipo apa pali msampha. Zinthu zambiri zakuda kumaso n'zoyera mu infrared. Lozetsani kamera yanu yatsopanoyo pansalu yakuda kapena papepala lodetsedwa ndi inki yacholembera chachikulu, nthawi zambiri mudzaona zatuwa mbuu. Choncho chilichonse chimene mukufuna kumata kapena kupaka m'katimo, chiyeseni kaye ndi kamera padzuwa. Penti yokhala ndi kaboni, kapena mwaye wosakaniza ndi guluu wapepala, imakhalabe yakuda. Ikaninso makatoni awiri oimirira pakati pa bokosi, aliyense wokhala ndi kazenera, kuti kuwala kogunda m'makoma kusafike palenzi. Tsekani m'makona monse ndi tepi ya aluminiyamu, chifukwa tepi zina zakuda zapulasitiki zimalola infrared kudutsa.

Fyuluta ndiyofunika

Grating simapanga utawaleza umodzi. Imapanga woyamba, kenako wachiwiri pa ngodya yokulirapo, ndipo wachiwiriyo amagwera pamwamba pa infrared ya woyamba. Funde la 400 nm la utawaleza wachiwiri limatera pomwe pali 800 nm wa woyamba, la 470 limatera pa 940. Popanda fyuluta, kuwala kwabuluu kumadzaza mipata imene mukufuna kuyeza, ndipo chithunzi chimaoneka bwino koma chili chabodza.

Mankhwala ake ndi fyuluta yotchinga zonse za pansi pa 720 nm, yomwe ojambula zithunzi amagula, monga Hoya R72. Ikasowa, tengani filimu yakale ya zithunzi zamitundu yotsukidwa kale, kumapeto kuja kumene kunada chifukwa kunalowa kuwala, n'kusanjikiza tizidutswa tiwiri. Filimu ya zakuda ndi zoyera siithandiza chifukwa kuda kwake n'kwa siliva, yomwe imatchinganso infrared. Fyulutayo muiike kunja, patsogolo pa malezala, osati pakati pa grating ndi kamera. Mukatero mukhoza kuichotsa ndi kuibwezera popanda kusuntha malo a timizere pachithunzi.

Kudziwa kuti pikiselo iti ndi nanomita iti

Chithunzi chimangokupatsani manambala a mapikiselo. Kuti asanduke mananomita, mufunika nyali imene mafunde ake amadziwika. Babu lopotana losunga magetsi, lija lokhala ndi mercury mkati, ndilo labwino. Mababu a LED sathandiza pano chifukwa alibe timizere takuthwa.

Chotsani fyuluta, ikani babu patsogolo pa mpata m'chipinda chamdima, ndipo jambulani. Mudzaona mzere wobiriwira wa mercury pa 546.1 nm ndi wofiirira wamphamvu pa 611 nm, ngati kamera yanu ikufika kumeneko. Tsopano vuto lija la utawaleza wachiwiri likhala lothandiza. Mzere wabuluu wa mercury wa 435.8 nm umabweranso kachiwiri pamalo a 871.6 nm, pakati penipeni pa chigawo chanu. Bwezerani fyuluta: mzere umene wazimiririka cha pamenepo ndi umenewo. Kenako zimitsani babu lizizire, n'kuliyatsanso kamera ikujambula. M'masekondi oyamba mpweya wa argon umene uli m'babumo umawala kwambiri ndipo umaonetsa timizere tambiri mu infrared, awiri osavuta kuwazindikira ali pa 763.5 ndi 811.5 nm. Babu likatentha timafooka.

Gwiritsani ntchito timizere ta argon tomweti pokonza fokasi. Lenzi imasonkhanitsa infrared pamalo osiyana pang'ono ndi kuwala kooneka, n'chifukwa chake malenzi akale anali ndi kadontho kofiira pambali pa chizindikiro cha fokasi. Potokosani mpaka mzere wa 811.5 utapyapyala kwambiri, ngakhale wobiriwira uja ataya kuthwa.

Lembani pikiselo ya mzere uliwonse ndi kutalika kwa funde lake mu spreadsheet, ndipo kompyuta ikupezereni mzere wodutsa m'madonthowo. Madontho atatu ndi ochepetsetsa, anayi kapena asanu ndi abwino, ndipo mzere wokhota pang'ono umagwirizana nawo kuposa wowongoka. Mukamaliza, thirani guluu pakamera ndi palenzi. Zikasuntha ngakhale pang'ono, ntchito yonseyi muyambiranso.

Kujambula dzuwa

Musalozetse bokosi kudzuwa mwachindunji. Yalani pepala loyera padzuwa n'kulozetsa mpata papepalalo, kapena kutani mpata ndi tepi yoyera ija amakulunga pa mapaipi amadzi, yosanjikiza kawiri kapena katatu, n'kusiya dzuwa liwombe patepiyo. Njira zonse ziwiri zimateteza sensa ndipo zimadzaza mpata wonse mofanana. Thambo labuluu musalidalire. Mpweya umamwaza funde la 450 nm kuwirikiza ka 16 kuposa la 900 nm, ndiye thambo lili ndi infrared yochepa kwambiri. Musajambulirenso pawindo lotseka, popeza magalasi ena anapakidwa zotchinga kutentha.

Zimitsani chilichonse chimene kamera imadzichitira yokha: nthawi yotsegula, gain (kuwonjezera kuwala kwa chithunzi), kulinganiza mitundu. Ikani nthawi yoti malo owala kwambiri afike 70 kapena 80 peresenti ya mapeto, asadzadze. Sungani zithunzi ngati RAW, TIFF kapena PNG, chifukwa JPEG imafufuta tinthu ting'onoting'ono tomwe n'timene mukufuna. Jambulani zithunzi 30, kenako tsekani mpata ndi chala kapena kachitsulo n'kujambula zina 30 zamdima pa nthawi yofanana. Silicon imafooka msanga kupitirira 900 nm, choncho bwerezani zonsezi ndi nthawi yotalikirapo kuti mbali ya 900 mpaka 1,000 ioneke, ngakhale mbali inayo idzadze.

Pulogalamu yaulere ya ImageJ imakwanira pa zotsalazo. Phatikizani zithunzi zowala kuti mupeze chapakatikati, chitaninso chimodzimodzi ndi zamdima, chotsani chamdima pachowala, ndipo sandutsani kukhala chakuda ndi choyera. Kupitirira 800 nm mitundu ya kamera ilibe tanthauzo. Jambulani kabokosi kopyapyala kodutsa pakati pa chithunzi m'litali mwake n'kusankha Plot Profile, yomwe imakupatsani graph yoonetsa mipata yakuda ija ngati maenje. Kabokosiko kakhale kopyapyala chifukwa timizere timakhota pang'ono kumtunda ndi kumunsi. Mukaona mizere yakuda yoyenda m'litali, kuchokera kofiira kupita ku infrared, limenelo ndi fumbi lapalezala. Timizere tenitenito timaima mofanana ndi mpata.

Zimene mudzaone

Choyamba kugwira diso ndi dzenje lakuya pa 760 nm. Limatsika mwadzidzidzi pa 759 n'kukwera pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 770. Ameneyu ndi okosijeni wa mumpweya wathu. Joseph von Fraunhofer analiona kale mu 1814 kumapeto kwenikweni kwa kufiira n'kulitcha A, asakudziwa chimene chinalipanga. Mnzake wa B ali pa 687 nm, nayenso ndi okosijeni, ndipo mumamuona mukachotsa fyuluta. Dzenje la A ndi lothandiza poyesa ngati muyeso wanu wa mananomita ukadali bwino tsiku lililonse.

Nthunzi ya madzi ili ndi maenje atatu m'chigawo chino. La 720 nm ndi losaya, ndipo fyuluta imalidula mbali ina. La 820 ndi lotambalala. La 940 ndi lalikulu, loyambira cha m'ma 900 mpaka 980. Ndi chida champhamvu, dzenje lililonse limagawikana n'kukhala timizere tambirimbiri tondondozana ngati mano a chipeso, koma bokosi lanu lidzawaonetsa ngati dzenje limodzi la m'mbali mokhakhala.

Tsopano yang'anani pakati pa 840 ndi 890 nm, pomwe mpweya sumeza zambiri. Pamenepo pali timizere titatu ta calcium ya padzuwa: 849.8, 854.2 ndi 866.2 nm. Wapakatiyo ndiye wakuya, woyambayo ndiye wofooka. Pa graph tidzaoneka ngati timadzenje tating'ono kwambiri poyerekeza ndi la 760, ndipo ngati fokasi kapena mpata sizili bwino sitioneka n'komwe. Kwa ine timeneti ndito mayeso a bokosi: mukationa tonse titatu, mwamanga bwino. Mukachotsa fyuluta mupezanso mzere wa hydrogen ya padzuwa pa 656.3 nm.

Kusiyanitsa za dzuwa ndi za mpweya

Si bwino kungokhulupirira kuti dzenje ili ndi la madzi chifukwa mwawerenga choncho. Mukhoza kudzitsimikizira nokha ndi ndodo ya mita imodzi. Dzuwa likakhala pamutu, kuwala kumadutsa mpweya mwachidule. Likapendeka, kumadutsa mpweya wochuluka. Mzere wopangidwa ndi mpweya uyenera kuzama dzuwa likamatsika, pamene wopangidwa padzuwa pomwepo suyenera kusintha.

Imikani ndodo mowongoka pamalo osalala. Mtunda wochokera pansonga ya ndodo kufika pansonga ya chithunzithunzi chake, m'mamita, ndiwo umakuuzani kuti kuwala kwadutsa mpweya wochuluka kangati poyerekeza ndi pamene dzuwa lili pamutu. Chithunzithunzi chikakhala mamita 1.7, dzuwa lili pa madigiri 30 ndipo mpweya wawirikiza kawiri. Pa mamita 2.8 wawirikiza katatu, pa 3.9 kanayi. Sankhani tsiku lopanda mitambo, jambulani masana, kenako jambulaninso pa misinkhu itatuyi. Cha kumadzulo zinthu zimathamanga, ndiye konzekeranitu.

Pa graph iliyonse, gawani nambala ya pansi pa dzenje ndi nambala ya pamtunda pambali pake, pomwe palibe chomeza. Pa dzenje la A tengani ya pa 750 ndi ya pa 780 n'kupeza yapakati. Pa la 940 tengani ya pa 880. Kugawaku kumachotsa kusiyana kwa kuwala ndi kwa nthawi yojambulira, n'kukusiyirani nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Mukaziika pamodzi mudzaona 760, 820 ndi 940 akuzama chithunzithunzi chikamatalika, pamene timizere ta calcium tili momwemo.

Musadabwe kuti mpweya ukawirikiza kawiri dzenje silizama kawiri. Pakati pa timizere tamphamvu kuwala kunamezedwa kale konse masana, ndiye palibe chinanso choti chimezedwe pamenepo. Chimene chimakula ndi m'mbali mwake ndi timizere tofooka.

Kenako bwerezani masiku osiyanasiyana pa kutalika kofanana kwa chithunzithunzi. Okosijeni ndi 21 peresenti ya mpweya tsiku lililonse, choncho dzenje la 760 silisintha kwenikweni. La 940 limasintha kwambiri, ndipo silitsatira nthawi zonse chinyezi chimene mukumva pakhungu, chifukwa likuyeza nthunzi yonse kuchokera pansi mpaka kumwamba. Ngati onse awiri asintha limodzi, kayikirani bokosi lanu, mwina mukulowa kuwala. Akatswiri amachitanso zomwezi. Zida za AERONET, zoyezera mpweya poyang'ana dzuwa, zimene zili m'mayiko ambiri, zimayeza nthunzi ya madzi ndi dzenje lomweli la 940, ndipo a TCCON, gulu lina loyeza mpweya ndi kuwala kwa dzuwa, poyeza carbon dioxide amayerekeza ndi dzenje la okosijeni la pa 1,270 nm, chifukwa kuchuluka kwa okosijeni n'kodziwika.

Kupitirira 1,100 nm

Apa kamera yanu yafika pamapeto, chifukwa mafunde otalika kuposa pamenepa amangodutsa mu silicon osasiya chizindikiro. Chonsecho maenje akuluakulu ali kutsogoloko: madzi pa 1,130, 1,380 ndi 1,870 nm, carbon dioxide cha m'ma 1,600 ndi 2,000, zonse ziwiri pa 2,700, ndi carbon dioxide yekha pa 4,300. Kupitirira cha m'ma 2,700 galasi wamba nalonso limatchinga, n'chifukwa chake Samuel Langley ankagwiritsa ntchito prism yosemedwa kumwala wamchere, pamodzi ndi bolometer, chida chake cha kachingwe ka platinum kodetsedwa komva kusintha kochepetsetsa kwa kutentha. Mu 1881 ananyamula zida zake kukwera phiri la Whitney ku California pothawa nthunzi ya m'munsi. Mu 1948 Marcel Migeotte wa ku Belgium anazindikira methane mumpweya wathu poona timizere take mu infrared ya dzuwa, ndipo kuyambira 1950 anapitiriza ntchitoyi ku Jungfraujoch ku Switzerland, pamtunda wa mamita oposa 3,500. Telesikopu yaikulu koposa yoonera dzuwa, ya Daniel K. Inouye, yagalasi la mamita 4, ili pamwamba pa Haleakalā ku Hawaii, ndipo mwa zina imaona mzere wa helium pa 1,083 nm ndi wa chitsulo pa 1,565 nm, umene umagawikana pamalo pamene maginito a dzuwa ali amphamvu.

Ngati mukufuna kulowako pang'ono, gulani photodiode imodzi, kachida kosandutsa kuwala kukhala magetsi, ya mtundu wa InGaAs, yomwe imaona mpaka 1,700 nm. Bwererani ku prism yagalasi, chifukwa prism ilibe vuto la utawaleza wachiwiri. Kuwala kwa dzuwa kudutse pampata wa milimita imodzi, kenako palenzi ndi prism, utawaleza ukagwere pakathabwa m'bokosi lamdima. Matani photodiode pakachitsulo kotsetsereka m'mbali mwa rula, kutsogolo kwake kuli kampata kopyapyala. Lumikizani ku multimeter ndipo muyeze current, m'ma microampere, osati voltage, chifukwa current ndi imene imakwera molingana ndi kuwala. Yambirani pofiira, sunthani theka la milimita, lembani nambala, sunthaninso. Chitani mwachangu kapena muzibwezera utawaleza pachizindikiro chimodzi musanawerenge, popeza dzuwa silikudikirani.

Prism simwaza mafunde mofanana, ndiye rula siikuuzani mananomita mwachindunji. Gwiritsani ntchito maenje omwewo ngati zizindikiro, powawerenga motsatana: 940, kenako 1,130, kenako 1,380. Pa lachitatuli nambala ikhoza kugwa mpaka pafupi ndi ziro, makamaka tsiku lachinyezi, moti mungaganize kuti waya wathothoka. Musagwire waya. Pitirizani kusuntha, ndipo cha m'ma 1,500 mpaka 1,600 nm nambala idzakweranso, isanagwe komaliza pa 1,700 pomwe photodiode yathera.